Kuika modemu ya fakisi m'kati mwa kompyuta yakale: momwe ntchito yayendera

Alipo maofesi amene mpaka lero salandira chikalata chosainidwa pa imelo, amafuna fakisi basi, ndipo ntchito yanga imandikumanitsa nawo pafupipafupi. Makina a fakisi oima paokha amafuna malo, inki ndi mapepala. Ndili ndi kompyuta yakale ya pa desiki yokhala ndi Windows 7 ya 64-bit, sikana, ndi laini ya foni ya waya imene ikugwirabe ntchito. Ndaganiza zoika modemu m'kati mwa kompyutayi kuti izitumiza ndi kulandira fakisi, komanso izindilowetsa pa intaneti yoimba pa foni tsiku limene ina ija yazima. Ndizilemba pano chilichonse chimene chavuta ndi momwe chatheka.

4 Malichi: kuona laini ndi kompyuta ndisanagule kanthu

Choyamba ndi laini. Modemu ya mtundu uwu imafuna laini wamba ya analogi, imene foni yachikale imalira mukangoilowetsa pa khoma popanda magetsi ena. Ndinayeza soketi ndi mita yoyezera magetsi, inaonetsa pafupifupi mavoti 48 a DC foni ili pansi, ndipo nditanyamula foniyo anatsika kufika cha m'ma 10. Ndi momwe laini yabwino imachitira. Amene soketi yanu ikuchokera ku makina a digito ogawa mafoni a mu ofesi, musalowetsemo modemu, ikhoza kupsa. Ngati foni yanu imadutsa m'kabokosi ka intaneti, fakisi imayenda mwa apo ndi apo, ndipo liwiro la 56k, lapamwamba kwambiri pa modemu zoimba pa foni, muiwaliretu. Laini ikakhala ndi ADSL, intaneti yothamanga yodutsa pa waya womwewo wa foni, modemu iyenera kukhala kuseri kwa fyuluta ngati foni ina iliyonse.

Kenako ndinatsegula kompyuta. Pa motherboard pali mipata iwiri yoyera ya PCI, yonse ilibe kanthu, ndi ina yakuda ya PCI Express. Khadi la PCI sililowa mu PCI Express, choncho onani kaye zimene muli nazo.

Makhadi alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi purosesa yawoyawo ndipo amadzigwirira ntchito yonse, monga USRobotics 5610, ndipo ngakhale Linux imawaona popanda kuvutika. Ena, amene ambiri amawatcha winmodem, amasiyira ntchito yambiri purosesa ya kompyuta kudzera mwa dalaivala, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuyendetsa khadilo. Oyambawo ndi odula ndiponso osowa. Ndaitanitsa la mtundu wachiwiri, logwiritsidwapo kale ntchito, la V.92 (muyezo wa modemu za 56k), lokhala ndi CD yake. Ndalama zimene zatuluka lero ndi za khadi lokhali.

9 Malichi: kachitsulo kakutalika, khadi silikuoneka

Khadi lafika. Bokosi la kompyuta yanga ndi lija lopyapyala, ndipo kachitsulo ka kumbuyo kwa khadi ndi ka bokosi lalikulu, kotalika masentimita 12, pamene mpata wanga umafuna ka pafupifupi masentimita 8. Khadi lenilenilo ndi lalifupi, likukwana bwinobwino, kachitsulo kokha ndiko kakutsekereza chivundikiro.

Ndinamasula masikuluwu awiri ogwira kachitsulo, ndinakayerekeza ndi kachitsulo kotseka mpata kamene ndinachotsa pa bokosi, ndinalemba mzere, n'kudula ndi sowo ya zitsulo ndikusiya kotsalira ka sentimita imodzi. Kotsalirako ndinakapinda ndi pulayazi, ndipo ndi tupa ndinasema kampata kodutsa sikuluwu. Mabowo awiri a zingwe za foni ali m'munsi, sanakhudzidwe. Muzichitira zimenezi kutali ndi kompyuta, chifukwa timaphulusa ta chitsulo tikagwera pa motherboard tingakuwonongereni zonse. Ndinapukuta kachitsuloko ndisanakabwezere.

Polowetsa: ndinazula chingwe cha magetsi pa khoma, ndinadina batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira athe, ndinagwira chitsulo cha bokosi ndisanakhudze khadi. Kungozimitsa sikukwanira, motherboard imakhalabe ndi mavoti 5 chingwe chikakhala pa khoma. Chingwe cha foni nachonso chisakhale cholowetsedwa bokosi lili lotsegula, chifukwa munthu akaimba nthawi imeneyo, magetsi oliza belu amafika cha m'ma 90 ndipo amaluma.

Nditayatsa, Windows sinanene kanthu. Mu Device Manager munalibe chachilendo chilichonse, ngakhale chizindikiro chachikasu. Zikatero nkhani si ya dalaivala ayi, ndiye kuti motherboard yeniyeniyo sikuliona khadi. Ndinalizulanso. Timano tagolide ta m'munsi mwake tinali tothimbirira, ndipo mu mpata munali fumbi logwirana. Ndinapukuta timanoto ndi chofufutira pensulo mpaka tinawala, kenako ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, ndinauzira mpata ndi kapampu, n'kulowetsanso ndikukankha mbali zonse ziwiri mofanana mpaka golide yense anabisika. Ulendo uno Device Manager inaonetsa PCI Simple Communications Controller ndi chizindikiro chachikasu. Chimenecho ndiye ndimafuna kuona.

10 Malichi: dalaivala

CD imene inabwera ndi khadi ili ndi madalaivala a Windows 98, 2000 ndi XP okha, onse a 32-bit. Windows ya 64-bit inawakana. Dzina lolembedwa pa CD silinandithandizenso pofufuza, poti makampani ambiri ankangogula chip kwa ena n'kumata dzina lawo.

Chimene chimathandiza ndi kufunsa khadilo kuti ndi ndani. Mu Device Manager, dinani kumanja pa chachikasu chija, Properties, Details, kenako Hardware Ids. Mudzaona VEN ndi zilembo zinayi, kenako DEV ndi zina zinayi. Zoyambazo zikunena wopanga chip: 14F1 ndi Conexant, 127A ndi Rockwell, 11C1 ndi Lucent kapena Agere, 1057 ndi Motorola, 12B9 ndi USRobotics. Langa ndi 14F1, ndipo pa kachip kakuda ka pakati pa khadi palembedwanso chimodzimodzi mukaunika ndi tochi. Ndinafufuza nambala zonse ziwiri mu Microsoft Update Catalog pa kompyuta ina, ndinapeza dalaivala wa 64-bit, ndinamasula fayilo ya CAB mu foda, n'kuloza Update Driver ku fodayo. Masamba aja olonjeza kukupezerani madalaivala onse mukaika pulogalamu yawo apeweni, mudzathera masiku mukuchotsa zinyalala.

Tsopano pali mutu wa Modems, ndipo modemu yapatsidwa COM3, khomo limene mapulogalamu amalankhulira nayo. Mu Diagnostics ndinadina Query Modem, inayankha mizere yambiri. Umene ndinauyang'anitsitsa ndi wa AT+FCLASS=?, umene unabweza 0,1,1.0,8. Ziro ndi deta, 1 ndi 1.0 ndi fakisi, 8 ndi mawu. Pakanapanda 1 kapena 2 (nayonso ndi ya fakisi), bwenzi khadili lilibe ntchito kwa ine. Mu Advanced ndinasankhanso dziko loyenera, chifukwa modemu imamvetsera kulira kwa laini molingana ndi dziko limene mwaiuza.

13 Malichi: NO DIALTONE

Kumbuyo kwa khadi kuli mabowo awiri, LINE ndi PHONE. Cha ku khoma chimalowa mu LINE. Ndinatenga chingwe cha foni yakale ya m'nyumba, ndinalowetsa, n'kutsegula pulogalamu yolemberamo malamulo yotchedwa PuTTY pa Serial, COM3, liwiro 115200. Windows 7 ilibe HyperTerminal, ndiye PuTTY ndi imene ndikulankhulira ndi modemu. Ndinalemba AT, inayankha OK. Malamulo oyamba ndi AT awa anayambira pa Hayes Smartmodem ya 1981 ndipo modemu iliyonse ya mtundu uwu imawamvabe. Ndinalemba ATDT ndi nambala ya foni yanga ya m'manja. Inakhala chete pang'ono, kenako: NO DIALTONE. Mukamaimba kudzera mu Windows, vuto lomweli limatuluka ngati Error 680.

Malangizo ambiri amati zikatero chotsani chizindikiro pa Wait for dial tone before dialing, kapena lembani ATX3 kuti modemu iziimba osadikira kumva laini. Zimenezo zimathandiza ngati laini ilipo koma kulira kwake ndi kwachilendo, mwachitsanzo kodukiza pamene muli ndi uthenga wa mawu. Ndinayesa. Modemu inaimba nambala yonse mokhulupirika, koma foni ya m'manja sinalire. Apa ndinadziwa kuti kubisa uthenga sikukonza kanthu.

Ndinalemba ATM2L3 kuti sipika ikhale yotsegula ndi yokweza, kenako ATH1 kuti modemu inyamule laini. Panamveka kuti thi, kenako zii. Palibe kulira kulikonse. ATH0 kubweza. Komatu chingwe chomwecho ndikachibwezera pa foni yake, foni ikugwira.

Ndinatenganso mita. Pa kapulagi koonekera m'kati ka RJ11 pali timano tinayi. Modemu imatenga laini pa tiwiri ta pakati. Pa chingwe ichi ta pakatito panalibe kanthu, mavoti 48 aja anali pa tiwiri ta m'mphepete. Foni yakaleyo inapangidwa kuti izitengera pamenepo, ndipo chingwe chake anachilumikiza mogwirizana nayo. Kunja zingwe ziwirizi simungazisiyanitse. Ndinagula chingwe china chowongoka cha mawaya awiri, cha mamita awiri, chotsika mtengo kuposa chilichonse pa ntchito yonseyi. ATH1 inabweretsa kulira kwa laini momveka bwino, ndipo ATDT inaliza foni ya m'manja. Ndinabwezera ATX4 kuti modemu izindiuza zoona laini ikafa.

16 Malichi: intaneti yalowa, koma nambala ikunama

Amene amandipatsa laini akadali ndi nambala yoimbira intaneti, ndipo anandipatsa dzina ndi mawu achinsinsi. Mu Network and Sharing Center ndinasankha Set up a new connection, kenako dial-up. Kuimba koyamba kunakanidwa ndi Error 633, kutanthauza kuti COM3 ili m'manja mwa pulogalamu ina. PuTTY ikakhala yotsegula imagwiriratu khomo limenelo. Nditaitseka, modemu inaimba, kunamveka kulira kowongoka kwa modemu ya mbali inayo, kenako kukhwekhwereza kuja kwa ziwirizo zikuyesana, kenako phee, yalumikiza.

Windows inalemba kuti liwiro ndi 115.2 Kbps. Palibe laini ya foni imene ingapereke zimenezo. Nambala imeneyo ndi ya pakati pa kompyuta ndi modemu, osati ya pa waya. Pa chip cha Conexant kapena Rockwell, lamulo la W2 limaiuza modemu kunena liwiro lenileni la pa laini. Ndinalilemba mu Extra initialization commands, n'kuimbanso. Inati mabiti 26,400 pa sekondi.

Nambala imeneyi ikunena zambiri. Maliwiro monga 26,400, 28,800, 31,200 ndi 33,600 ndi a muyezo wakale wotchedwa V.34. V.90, muyezo wa 56k umene bungwe la zamtokoma la dziko lonse la ITU linavomereza mu 1998, imapereka ena monga 42,667, 44,000 ndi 45,333 potsitsa. Ndiye kuti modemu ziwirizi zinayesa V.90, zinaona kuti laini siingathe, n'kubwerera m'mbuyo. Mudziwenso kuti 56k imatheka pokhapokha mbali inayo italumikizidwa mwa digito, monga achitira makampani a intaneti. Modemu ziwiri za m'nyumba zikaimbirana sizipitirira 33,600 ngakhale laini ikhale yoyera chotani.

22 Malichi: kusaka phokoso

Maganizo oyamba amene amabwera ndi akuti khadi lotsika mtengo ndi lachabe, ndigule lina. Ndinati ndiyambe ndamvetsera laini. Njira yake ndi yapafupi: nyamulani foni, dinani nambala imodzi yokha kuti kulira kwa laini kuleke, ndipo mumvetsere kwa timasekondi timene laini ili chete. Laini yabwino imangoti zii. Yanga inali ndi kung'ung'udza kwa pansipansi kosalekeza, ndi kuthetheka kwa apo ndi apo ngati mafuta ali pa moto. Polankhula ndi munthu zimenezi sizimveka n'komwe, koma modemu imazimva zonse.

Ndinayamba kuchotsa zinthu chimodzichimodzi, ndikuimba ndi kulemba liwiro nthawi iliyonse. Kuzula foni yakale ya m'chipinda china kunakweza liwiro kufika 31,200. Foni iliyonse yolowetsedwa imalemetsa laini ngakhale ili pansi. Kung'ung'udza kunalipobe.

Kenako ndinanyamula kompyuta yonse kupita nayo pa soketi yoyamba, pamene waya wa kampani amalowera m'nyumba, nditachotsa waya wopita ku zipinda. Pamenepo inalumikiza pa 46,667. Khadi lilibe mlandu, kampani ilibe mlandu, vuto lili pakati pa soketi imeneyo ndi desiki yanga. Ndikulangiza aliyense kuchita mayeso awa asanaimbire kampani kapena kugula kanthu, ngakhale kunyamula kompyuta ndi sikirini kuli kotopetsa.

Ndinatsata waya wa m'nyumba m'mbali mwa khoma. Ndi uja wophwatalala, mawaya ake ogona moyandikana osapotana, ndipo kwa mtunda wautali anamukhomera pamodzi ndi chingwe cha magetsi. Uko ndiye kumachokera kung'ung'udza. Kuseri kwa kabati ndinapeza polumikiza pokulungidwa ndi tepi yakuda. Nditamatula, tepiyo inali yonata, ndipo m'kati munali mawaya opotedwa ndi zala, obiriwira ndi dzimbiri, moti kungowagwedeza pang'ono foni inathetheka m'khutu. Kuthetheka kuja kunali pamenepo.

Sindinafune kumangokonza polumikizapo. Ndinali ndi chingwe chotsala cha netiweki cha Cat5e, chimene m'kati mwake muli mawaya awiriawiri opotana. Kupotanako ndi kumene kumathetsa phokoso lochokera kunja. Ndinagwiritsa ntchito peya imodzi yokha, wabuluu ndi woyera wa mizere yabuluu, kuchokera pa soketi yoyamba mpaka pa soketi yatsopano pafupi ndi desiki, popanda polumikiza pakati. Musatenge waya mmodzi ku peya iyi wina ku peya ina, phindu lonse limathera pomwepo. Ndinachidutsitsa kutali ndi zingwe za magetsi, ndipo pamene panafunika kudutsana ndinachipingasa. Zogula: soketi imodzi ndi timisomali togwirira waya ku khoma. Pa desiki tsopano ikulumikiza pa 45,333 kapena 44,000.

25 Malichi: liwiro lokwera koma likudukiza

Pa 45,333 fayilo imatsika bwino kenako n'kuima kwa masekondi angapo, n'kuyambanso. Modemu zikaona zolakwika zikuchuluka zimaima n'kuyesananso, ndipo nthawi imeneyo palibe chimene chimadutsa. Nthawi zina laini inkadukiratu. Mu Diagnostics muli batani la View log, ndipo mafayilo ake amakhala mu foda ya ModemLogs m'kati mwa Windows. Ndi momwemo ndinaona kuti amene akudula si kampani.

Ndinaiikira malire. AT+MS? imaonetsa momwe zilili panopa, ndipo AT+MS=? imaonetsa zimene modemu yanu imalola, poti kalembedwe kamasiyana malinga ndi chip. Pa yanga mzere wonse wakhala W2+MS=V90,1,300,33600,300,42667. Tsopano imalumikiza pa 42,667 ndipo siimaima. Imatsitsa pafupifupi makilobayiti 5 pa sekondi, kutanthauza mphindi zitatu ndi theka pa megabayiti imodzi. Nambala yaing'ono yokhazikika ikumaliza fayilo msanga kuposa yaikulu yodukiza.

Kunena zoona, masamba a masiku ano ndi olemera kwambiri pa liwiro limeneli. Imelo ya mawu okhaokha imayenda, zina zonse ndi kudikira, ndipo mphindi iliyonse ikuwerengedwa pa bilu ya foni. Komanso Microsoft inasiya kutumiza zotetezera za Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndiye kompyuta iyi sindiifuna pa intaneti nthawi yaitali. Ndinazimitsa zonse zodzitsitsira zinthu zokha, chifukwa imodzi yokha imadya laini yonse. Mbali imeneyi ndaisiyira pamenepa.

29 Malichi: fakisi yoyamba

Windows Fax and Scan ilimo kale mu Windows 7, palibe chogula. Tools, Fax Accounts, Add, Connect to a fax modem. Mu Fax Settings, pa More options, ndinalemba nambala yanga mu TSID ndi CSID, imene imaoneka kwa wolandira ndi kwa wotumiza. Windows imaika pulinta yotchedwa Fax, moti chikalata chilichonse chimene mungasindikize mungachitumizenso.

Mnzanga wina ali ndi makina a fakisi ku ntchito kwake, ndipo anavomera kuti ndiziyesera pa iwo. Kutumiza koyamba kunalephera, pulogalamu inangoti sikunayankhidwe. Pa sipika ndinamva mawu ojambulidwa a mayi akunena kuti nambalayo kulibe. Mu Outbox ndinaona kuti malamulo oimbira, amene amakhala mu Phone and Modem, anadula chiyambi cha nambala poganiza kuti ndi ya m'dera lomwelo. Pa zenera la New Fax ndinasintha Dialing rule kukhala None, n'kulemba nambala ndendende momwe ndimaidinira pa foni. Amene mumayamba ndi nambala yotulukira kunja, ikani koma pambuyo pake, modemu imapuma masekondi awiri pa koma aliyense.

Ulendo wachiwiri ndinamva zonse mwa dongosolo lake. Modemu yanga inkalira kaliwu kafupi ka 1100 Hz pa masekondi atatu aliwonse, kodziwitsa kuti woimbayo ndi fakisi. Makina a uko anayankha ndi kulira kotalika kwa 2100 Hz, kenako kunjenjemera kwa mawu pamene ziwirizi zikugwirizana pa liwiro la 300, ndipo tsamba linapita pa 14,400. Liwiro la 56k silikhudza fakisi. Tsamba limodzi la mawu otayipa linatha mphindi isanakwane, ndipo mnzanga anati lafika loyera mbee, zilembo zakuthwa.

2 Epulo: tsamba lakuda, siginecha yasowa

Chikalata chotayipa ndi chosavuta. Ntchito yeniyeni ndi fomu yosainidwa yodutsa pa sikana. Yoyamba inatenga mphindi zoposa zinayi tsamba limodzi, ndipo mnzanga ananditumizira chithunzi cha zimene zinatuluka: pepala lonse lothothomoka timadontho, mabokosi otuwa a pa fomu ada bii, zilembo zazing'ono zosawerengeka, ndipo pa siginecha pangotsala timizere toduka.

Fakisi imadziwa zinthu ziwiri zokha, choyera ndi chakuda. Mzere uliwonse uli ndi timadontho 1,728, ndipo m'malo motumiza kamodzikamodzi, imanena kuti apa toyera tingati totsatizana, apa takuda tingati. Ndi chifukwa chake tsamba loyera limathamanga. Sikana yanga inali pa mtundu wotuwa, ndipo posandutsa kutuwako kukhala fakisi, pulogalamu inamwaza timadontho takuda pepala lonse, ngakhale pamene pepalalo linangothimbirira. Mzere uliwonse unasanduka wolemera, ndipo ndalama ya foni inakwera nawo.

Ndinasintha sikana kukhala ya zakuda ndi zoyera zokha pa 200 dpi (timadontho pa inchi), poti fakisi yabwino imakhala pafupifupi 204 ndi 196, ndipo ya wamba ndi 204 ndi 98. Kupitirira pamenepo ndi kungolemetsa fayilo. Kenako ndinasewera ndi mulingo wa kuwala mpaka mabokosi otuwa anayera koma zilembo zili zonse. Musanatumize, kulitsani chithunzicho pa sikirini, zimene mukuonazo ndi zimene afikire nazo uko. Siginecha inali ya cholembera chabuluu chopyapyala, chimene sikana imachiona ngati chotuwa n'kuchitaya. Ya cholembera chakuda chonenepa inadutsa yonse. Pa zikalata zimene ndimalemba ndekha ndasiya zilembo za saizi yochepera 12. Fomu yomweyo tsopano ikupita m'mphindi imodzi ndipo ikuwerengeka.

6 Epulo: kulandira

Laini ndi imodzi, ya anthu ndi ya fakisi. Nditaika kuti modemu iziyankha yokha foni ikalira kawiri, aliyense woimba ankalandiridwa ndi kulira kobaya m'khutu. Ndasankha kuyankha pamanja. Foni ikalira ndimanyamula. Ndikamva munthu, timalankhula. Ndikamva kaliwu kaja kobwera pa masekondi atatu aliwonse, ndimadina Receive a Fax Now, ndimadikira modemu iyambe kulira, n'kuika foni pansi. Mukaika foni modemu isananyamule, laini imaduka. Usiku wokha ndi pamene ndimatembenuzira ku kuyankha yokha, pa kulira kwachisanu.

Usiku woyamba sikunalowe kanthu ngakhale mnzanga anatumiza. Kompyuta inali itagona. Ndinayesa kulola modemu kuidzutsa, inadzukadi, koma pofika poti Windows yakonzeka makina a uko anali atatopa n'kudula. Mu Power Options ndaika kuti kompyuta isamagone, sikirini yokha izizima. Mtengo wake ndi magetsi a usiku wonse, ndiye ndimachita zimenezi pokhapokha ndikuyembekeza kanthu.

Zolandira zimakhala mafayilo a TIFF mu Inbox. Ndatsegula Save a copy to kuti zina zizipita mu foda imene ndimaisunga pena, ndipo ndimasindikiza zokhazo zofunika pepala. China chimene ndaona: kulandira kukakhala kotsegula, PuTTY imakanidwa kulowa pa COM3, chifukwa sevisi ya Fax yagwira khomo ikumvetsera. Mukafuna kulemba malamulo a AT, tsegulani services.msc, imitsani Fax, ndipo mukamaliza muiyatsenso.

14 Epulo: kuduka pakati pa tsamba, ndi mphezi

Fakisi ya masamba asanu inaduka pa lachitatu popanda chifukwa chooneka. Pambuyo pake m'bale wanga anati ankandiimbira nthawi yomweyo ndipo foni inkaitana. Laini yanga ili ndi chodziwitsa kuti wina akuimba muli pa foni kale, ndipo kaliwu kake kakalowa pakati pa tsamba kamasokoneza zonse. V.92 ya mu 2000 ili ndi njira yoimitsa intaneti kaye kuti muyankhe foni, koma fakisi ilibe zimenezo. Makampani ena ali ndi nambala yozimitsira chodziwitsachi pa kuimba kumodzi, imene mumaika patsogolo pa nambala ndi koma. Ine ndawapempha kuti achichotseretu, ndipo sanandilipiritse.

Ndagulanso chotetezera mphezi chokhala ndi mabowo a foni, chifukwa mphezi ikagunda pafupi imatha kulowera pa waya wa foni, ndipo khadi la m'kati lalumikizidwa mwachindunji ku motherboard. Choyamba chimene ndinapeza chinatsitsa liwiro kubwerera pa 31,200, ndikachichotsa likubwerera pa 42,667. Ndinachibweza, ndinatenga cha laini ya foni yokha chimene chimafuna waya wopita ku nthaka, ndipo ichi sichinakhudze liwiro. Pa zonse zimene ndagula, ichi ndiye chadula kwambiri, kuposa khadi. Ngakhale chilipo, mitambo ikayamba kugunda ndimazula chingwe cha foni pa khoma.

Kwatsala kubwezera foni ya m'chipinda china, imene ikadali yozula kuyambira pa 22 Malichi. Ndiikokera waya wopotana wakewake kuchokera pa soketi yoyamba, ndiyesenso liwiro, ndipo likatsika ndisintha foniyo.